Laputopu Imene Inkaganiza Kuti Ikadali ku Liwonde

Abale, tsiku limene ankhoswe a ku Utale anabwera kudzafunsira Nasra, amene anatuluka thukuta kwambiri sanali Nasra iyayi. Anali mng'ono wake, Mwajuma, wa Fomu 3 uja. Ndipo chomutulutsa thukuta sanali mwamuna. Inali laputopu kkkkk.

Nkhani yake ili chonchi. Kwawo kwa atsikanawa, kuseri kwa msika wa Ntaja, mwana wamkazi sakwatiwa mjomba asananene mawu. Mayi atha kuvomera, mudzi wonse utha kuvomera, koma mjomba akakhala chete ndiye kuti palibe chachitika. Tsono mjomba wawo, a Idrisa, alongo awo a mayi, anali ku Joni, amagwira ntchito ku bekale. Asanapite anali ndi kashopu ku Liwonde pafupi ndi depoti, kopulinta mapepala ndi kuika nyimbo mu memole. Kashopu kanatsekedwa, rauta anagulitsa, pulinta anaisungitsa kwa anzawo, koma laputopu anaisiya kwa alongo awo, Abiti Nasiru, itakulungidwa mu chitenje ngati khanda.

Laputopu imeneyi a Idrisa ankainyadira heve. Anachotsamo zomwe inabwera nazo n'kuikamo Linakisi. Nthawi ya holide Mwajuma akamathandiza ku shopu ankamulalikira tsiku ndi tsiku.

"Imeneyi ndi yaulere, mwanangu. Ndi ya ufulu! Aliyense atha kutsegula, kusuzumira m'kati, kusintha mmene akufunira."

Kenako pakamwa pomwepo: "Koma iwe ukadzakhudza manambala anga a netiweki ndidzakudula zala."

Ufulu wake umenewo kkkk.

Ndiye ankhoswe aja aka sikanali koyamba kubwera. Ulendo woyamba anakhala pa mkeka mpaka tiyi kuzizira, foni ya mjomba osapezeka, kuntchito anawasinthira shifiti. Anabwerera chimanjamanja. Ndipo anthu anayamba kunong'ona kuti aaa, za foni n'zonama, a pa Ntaja akukana mochenjera chifukwa mnyamatayo, Chimwemwe, ndi Mkatolika. A Blasius, malume ake a Chimwemwe, potsanzika tsiku limenelo anangonena mofatsa kuti, "Tikadzabwereranso opanda yankho, tidzadziwa kuti yankho ndi lomwelo."

Nasra analira sabata yonse. Chimwemwe ankamukonda zenizeni, osati zamasewera.

Tsono ulendo uno a Idrisa analonjeza kuti ayankhula pa vidiyo nthawi ya buleki yawo masana, awaone alendo m'maso. Zoti anena eya kapena iyayi, palibe ankadziwa, ngakhale alongo awo. Vuto linali loti pakhomopo foni yaikulu inali imodzi, ya Mwajuma, ndipo imeneyo inagwera mu ndowa ya zovala zonyika. Inatuluka yamoyo koma sipika inafa, maiki inafa, kamera imangoonetsa chifunga ngati m'mawa wa Juni. Kulemba kokha ndi netiweki ndiye zimatheka. Ndiye pulani inali yoti foni ipereke netiweki pa hotisipoti, laputopu ipereke maso, makutu ndi pakamwa.

Ndipo Mwajuma anaganiza nzeru yomwe ankaiona ngati ya ku yunivesite. Poopa kudulidwa zala, sanafune kusintha kalikonse mu laputopu. Anati, iyi imadziwa kale netiweki ya ku shopu, dzina lake Kwa Idrisa, ndipo pasiwedi ndikuikumbuka. Bwanji foni yanga ndingoitcha dzina lomwelo? Anatero. Dzulo lake madzulo anayesa, kachizindikiro ka netiweki kanayaka pakona, mizere yonse yodzadza. Bandulo anali asanagule ndiye sanatsegule chilichonse, anangovina pabwalo n'kuuza aliyense kuti zatheka, ine ndi dolo.

Eeh. Dolo.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu, pa kabaza awiri kuchokera pa siteji. A Blasius, bambo aatali owonda, jekete yakuda pa kutentha kwa Okutobala, m'khwapa atapanira kampando kopinda. Amayenda nako paliponse chifukwa cha msana. Pambuyo pawo achemwali awo, a Anastasia, mayi ojintcha oseka mokweza, foni yatsopano yonyezimira ili m'manja.

"Odi kuno!"

"Odini, odini, fikani," anatero Abiti Nasiru, mkeka atayala kale pakhonde. Pakati anaikapo tebulo, pa tebulo laputopu, chitenje chake chili pansi pake ngati ndi mwana wa mfumu.

Moni anayenda, madzi akumwa anayenda, tiyi anayenda, a ku Utale anafunsidwa za chimanga ndi mbuzi, a pa Ntaja za msika. Kenako maso onse anatembenukira kwa Mwajuma. Iye anagwada pa tebulo mwaulemu, anayatsa hotisipoti, kachizindikiro kaja kanayaka bwinobwino. Anatsegula linki yomwe mjomba anatumiza.

Kanthu kozungulira kanayamba kuzungulira.

Kanazungulira.

Kanazungulirabe!!

Kenako sikirini inalemba m'Chingerezi kuti palibe intaneti.

Mwajuma anayang'ana foni, bandulo ilimo, mameseji akulowa bwinobwino. Anayang'ana laputopu, yalumikiza, mizere yodzadza. Anayesanso. Zomwezo.

"Zikutheka, mwana?" anafunsa a Blasius.

"Eee zikubwera, bambo. Imayamba yatenthetsa kaye."

Bodza lamkunkhuniza kkkk, laputopu si galimoto.

A Anastasia anatukula foni yawo yonyezimira ija. "Aaa musavutike, tingoimba pa yangayi. Ili ndi kamera ngati ya pa TV."

Abiti Nasiru anamwetulira kumwetulira kuja kopanda mano. "Sikomo kwejinji, amayi, koma iyayi. Inu mwabwera kudzapempha, ndiye mutibwerekenso pakamwa poyankhira? Mawa anthu adzati a pa Ntaja mjomba wawo anachita kubwereka kwa akuchimuna." Ndipo anatembenukira kwa mwana wawo, maso okha akuyankhula: iwe konza chinthuchi pompano.

Mwajuma ananyamula laputopu n'kulowa nayo m'nyumba ati kukaika pa chaja. Kuchipinda anapeza Nasra atakhala pa bedi, mpango wake watsopano wobiriwira atauvala bwinobwino, maso atafiira kale.

"Mwaju, usandiuze."

"Sindikukuuzani kanthu, achemwali."

"Unati zatheka! Unavina pabwalo!"

"Zinatheka dzulo!"

"Wallahi anthu awa akapita ndikukutumiza iweyo ku Utale wapansi ukawafotokozere." Kenako mawu anatsika. "Chimwemwe ali pa siteji, wakhala pa benchi ya ogulitsa mbatata kuyambira m'mawa. Akuti sadya mpaka amve."

Apa Mwajuma sanaseke. Analembera mjomba mofulumira: mjomba yalumikiza koma sikutsegula. Yankho linabwera pompo, koma la mawu. Lina la mawu. Linanso la mawu, lalitali ngati ulaliki wa Lachisanu! Pa foni yopanda sipika!

Analemba: MJOMBA SINDIKUMVA LEMBANI

Kunja kuja a Idrisa amalemba ndi chala chimodzi. Kanthawi kanapita. Kenako: Zimitsa uyatsenso.

Anazimitsa, anayatsanso. Zomwezo.

Meseji ina: Osakhudza manambala anga.

Ina: Buleki ikutha, abwana ayamba kuyang'ana kuno.

Eish.

Ndiye Mwajuma anati kuyang'ana si kukhudza. Anatsegula malo a zosintha za netiweki, mozemba ngati wakuba nkhuku. Pansi pa dzina lija, Kwa Idrisa, panali timabatani tiwiri toti usankhe kamodzi. Kena Otomatiki, kena Manyuwo, ngati magalimoto. Kadontho kanali pa Manyuwo. M'munsi mwake mizere ya manambala okhala ndi timadontho pakati, mjomba anachita kulemba okha ndi dzanja.

Anakumbuka tsiku lina ku shopu, mvula ikugwa, makasitomala kulibe, mjomba akumulozera ndi kapensulo. "Iyi ndi adiresi ya laputopu, pamene imakhala. Iyi ndi ya chipata, potulukira kupita kunja. Ndinalemba ndekha kuti isamasunthesunthe, pulinta iziipeza pamalo amodzi tsiku lililonse. Otomatiki ndi ya aulesi, lero yakupatsa apa, mawa apo. Manambala awa anandidyera Lamulungu lathunthu, koma kuyambira pamenepo shopu sinavutepo." Ananena monyadira ngati akuonetsa nyumba yomwe amanga.

Chala cha Mwajuma chinaima pamwamba pa Otomatiki. Mtima unkamuuza kuti yankho lili pamenepo. Koma akadina, manambala aja afufutika. Ndipo mjomba foni iliyonse amati chaka chamawa ndikubwera, nditsegulanso shopu, laputopu ndingoyatsa basi zonse zili m'malo. Chaka chamawa chimenecho chinali chisanafikebe, ndipo za shopu ija zomwe zinatsala zili momwe anazisiyira ndi timanambala timeneti basi. Mwajuma anabweza chala.

"Dina!" anatero Nasra, osadziwa n'komwe kuti adine chani.

"Dikirani kaye."

Pawindo pankamveka za pakhonde. A Blasius anali atakana mkeka, anatambasula kampando kawo kumanzere kwa chitseko. Kwawo ku Utale amakhala pamenepo, kumanzere kwa chitseko, pamthunzi, akuona khola la mbuzi. Koma pano kumanzere kwa chitseko ndi padzuwa, ndiponso ndi njira ya nkhuku yopita kuseri. Tambala anali atawadutsa kale pamiyendo kawiri. Jekete yakuda ija itanyowa kumsana, iwo ali nga, osasuntha.

"Achimwene, mukupsa apo," anatero a Anastasia.

"Ine ndimakhala kumanzere kwa chitseko."

"Kwanu! Kuno si kwanu. Mwaona chitseko basi mwati ndafika ku Utale? Mlendo amaodira, eni nyumba ndi amene amamuonetsa pokhala. Taonani mukuyang'anizana ndi bafa la eni ake!"

Abiti Nasiru anakhosomola kubisa phwete.

A Blasius anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu. "Amayi, tisakutayitseni nthawi. Ulendo wathu ndi wa minibasi ziwiri, ndipo ya ku Balaka sidikira munthu. Ngati a mjomba ali ndi mawu ovuta kunena pamaso, ife ndi akuluakulu, tamva."

M'chipinda Nasra anagwira pakamwa.

Koma Mwajuma anali atayang'anitsitsa sikirini, pakamwa pali yasa. Mwaona chitseko basi mwati ndafika. Mayo ine! Laputopu inaona dzina loti Kwa Idrisa n'kuganiza kuti yafika ku shopu ku Liwonde! Ndiye yatambasula kampando kake pa adiresi ya ku shopu, ikufunafuna chipata cha ku shopu, rauta ija yoti inagulitsidwa kalekale. Foni ikufuna kuipatsa malo, iyo ikuti iyayi ine ndimakhala kumanzere kwa chitseko. Wolakwa sanali mjomba, sanali manambala. Anali dolo uja amene anainamiza!

Anayamba kuseka. Kuseka kwenikweni, misozi mbwee.

"Wapenga?" anatero Nasra. "Anthu akupita iwe ukuseka?"

"Achemwali, laputopuyi ndi a Blasius!"

"Chani?"

"Agwireni asapite! Apatseni chilichonse, mandasi, kaya chani!"

Nasra sakanatuluka, mkwatibwi satulukira alendo asanaitanidwe, ndiye anangogogoda pawindo n'kunong'oneza mayi kuti tiyi wina, tiyi wina! Mwajuma anatenga foni, analowa pa hotisipoti, anafufuta dzina loti Kwa Idrisa. Anaganiza kamphindi, n'kulemba: Kwa Mwajuma pa Ntaja.

Kachizindikiro ka pa laputopu kanazima. Kenako pa mndandanda panatulukira dzina latsopanolo. Analidina. Laputopu, kwa nthawi yoyamba chifikireni pakhomopo, inafunsa pasiwedi mwaulemu ngati ikuti odi. Anailembera. Ndipo poti netiweki iyi inali yachilendo, yopanda manambala a munthu, inangopita pa Otomatiki yokha, foni n'kuipatsa adiresi, n'kuilozera chipata. Manambala a mjomba ali phee pansi pa dzina lawo lakale, osakhudzidwa ngakhale kadontho.

Anatsegula linki. Kozungulira kaja kanazungulira kamodzi kokha.

Mphuno!! Sikirini yonse mphuno ya a Idrisa, ufa uli pansonga.

Mwajuma anatuluka chothamanga laputopu ili m'manja, chaja ikukokeka pambuyo ngati mchira, anapeza a Blasius atapinda kale kampando. "Afika! Mjomba afika!"

Anaiika pa tebulo. A Idrisa anabwerera m'mbuyo pang'ono, anaoneka bwino tsopano: epuloni yoyera ya ku bekale, koma kumutu atavala chisoti chawo cha ku mzikiti chopetedwa chija, kumbuyo matumba a ufa. Munthu anavalira mwambo pakati pa matumba, abale. Ndipo mawu awo oyamba, alendo ali pomwepo, ulendo wa minibasi ziwiri:

"Mwajuma, wakhudza manambala anga?"

"Iyayi mjomba."

"Lumbira."

"Wallahi sindinakhudze."

"Nanga yatheka bwanji?"

"Idrisa!" anakuwa Abiti Nasiru. "Alendo!"

A Idrisa anadzidzimuka, anakonza chisoti. "Asalamu aleikumu, pepani, pepani akuluakulu. Mwayenda bwanji? Koma bambo ndikungokuonani phewa, tasunthirani kuno."

A Blasius anaima ndi kampando kawo m'manja, anayang'ana kumanzere kwa chitseko, anayang'ana tambala. Kenako anatembenukira kwa Abiti Nasiru. "Amayi, ndikhale pati?"

Anawaonetsa pamthunzi, kutsogolo kwenikweni kwa sikirini. A Anastasia anaseka mpaka kugwira nthiti, Mwajuma analuma mpango kuti asaphulike.

Ndiye nkhani inayamba. A Blasius anafotokoza chomwe abwerera, mwadongosolo lake, mawu onse aulemu aja. A Idrisa anamvetsera mutu uli pansi. Kumbuyo kwawo wina anakuwa m'chiyankhulo cha kumeneko, iwo anangokweza dzanja kuti dikira.

"Ndili ndi funso limodzi," anatero. "Mwana wathuyu amaswali. Amamanga Ramadani. Akabwera kwanuko, mkeka wake woswalira adzaupezera malo, kapena mudzati kuno timakhala chonchi basi?"

A Blasius anapukuta thukuta ndi kampango. "Bambo, kwathu mphika wa nkhumba ulipo, sindinama. Koma mnyamatayu anagula kale miphika yake yatsopano, ndipo nyumba akumanga payekha. Za mkeka, ine ndemwe ndidzaonetsetsa. Mwanayo adzatiuza yekha mbali yomwe amayang'ana poswali, ife sitidziwa."

Sikirini inaima, kapena ndi a Idrisa anaima, palibe anadziwa. Mwajuma anayang'ana kachizindikiro pakona, kali bwinobwino. Kenako anaona mjomba akupukuta m'maso ndi epuloni, ufa n'kutsalira pa tsaya.

"Ndinamunyamula ali kakhanda ameneyo," anatero. "Alhamdulillah. Ife tavomera. Tsiku mukambirane ndi achemwali angawa."

Nthungululu ya a Anastasia inamveka mpaka ku msika, ndithu. Abiti Nasiru anayankha ndi yawo. M'chipinda munamveka kulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndi timabatani ta kafoni kakang'ono ka Nasra tikulira tititi, uthenga ukupita pa benchi ya ogulitsa mbatata kuti munthu adye.

"Mwajuma," anatero a Idrisa akuvula chisoti mofulumira, wokuwa uja atayambiranso. "Bwera pafupi. Ndiuze zoona. Ili pa Otomatiki eti?"

"Eee mjomba. Koma anu ali momwemo. Mukadzatsegula shopu mudzangoyatsa."

A Idrisa anamuyang'ana, pakamwa pakufuna kukalipa, maso akukana.

"Ndiye panopa adiresi yake ndi chani?"

"Kaya. Yapatsidwa ndi eni nyumba."

"Eni nyumba ndi ndani?"

Mwajuma anatembenuza foni n'kuionetsa pa kamera, dzina lija likuoneka bwinobwino. A Idrisa anawerenga milomo ikuyenda. Anapukusa mutu.

"Za aulesi," anatero. Koma ankaseka. "Usalisinthe dzinalo. Lachisanu ndiimbanso, ndikufuna ndimuone mnyamatayo nkhope."

Sikirini inada. A Blasius anakhalabe pamthunzi paja, kampando osapinda, minibasi ya ku Balaka ataiiwala, anatambasula dzanja kulandira tiyi wachitatu.